Maurice Wilks, mmisiri amene Land Rover yake inabadwa m'nthawi ya kusowa

Aliyense amene anagwadapo kunsi kwa Land Rover yakale, sipanala ili m'manja, amadziwa chinthu chimodzi chodabwitsa. Thupi la galimotoyi limatha kukhala padzuwa ndi pamvula zaka 40 osachita dzimbiri, pomwe chasisi yake kunsi ikudyeka mwakachetechete. Chifukwa cha zimenezi chili m'mbiri ya munthu amene anaiganiza, Maurice Wilks, komanso m'umphawi umene dziko la Britain linali nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha.

Wilks anabadwa mu 1904 pa chilumba cha Hayling, kummwera kwa England. Ali mnyamata anakagwira ntchito zaka ziwiri ku kampani ya General Motors ku America, ndipo atabwerera kwawo analowa ku Hillman. Mu 1930 anatsatira mkulu wake Spencer ku kampani ya Rover, kumene anakhala mkulu wa mainjiniya. Abale awiriwa anagawana ntchito bwino: Spencer ankayendetsa kampani ndi kuwerenga ndalama, Maurice ankakhala ndi zojambula ndi zitsulo. Pa nthawi ya nkhondo iye anatsogolera gulu la Rover limene linkakonza injini ya ndege ya jeti imene Frank Whittle anatulukira. Rover ndi Whittle sanagwirizane, ndipo mu 1943 ntchitoyo inapita kwa Rolls-Royce.

Nkhondo itatha, Rover inali pa mpanipani. Fakitale yake ya ku Coventry inali itaphwanyidwa ndi mabomba, choncho inasamukira ku Solihull, m'nyumba zikuluzikulu zimene ankapangiramo injini za ndege. Malo analipo ochuluka, koma chitsulo chinali chogawira. Boma linkapatsa chitsulo chambiri makampani okhawo amene ankagulitsa katundu kunja, ndipo magalimoto a Rover, omwe anali a madokotala ndi maloya a ku England, kunja analibe msika weniweni.

Wilks anali ndi munda pa chilumba cha Anglesey ku Wales, ndipo kumeneko ankagwiritsa ntchito Jeep yotsala ku nkhondo pa ntchito za kumunda. Jeep inkagwira ntchito, koma inali ya ku America, ndipo ku Britain kunalibe galimoto yoti nkuilowa m'malo ikatha. Nkhani imene a m'banja lake ndi kampaniyo amasimba ndi yakuti mu 1947 anajambula maonekedwe a galimoto yatsopanoyo pamchenga, kugombe la Red Wharf Bay. Yoyesera yoyamba anaimanga pa chasisi ya Jeep, ndipo chiwongolero anachiika pakati ngati cha thirakitala. Ganizo limenelo analisiya msanga, ndipo anachita bwino, poti woyendetsa wokhala pakati amavutika kukwera ndi kutsika, komanso kuona m'mphepete mwa msewu.

Apa mpamene kusowa kunasanduka mmisiri. Popeza chitsulo chinali chochepa, thupi analipanga ndi aluminiyamu wosakaniza wotchedwa Birmabright, amene makampani a ndege ankagwiritsa ntchito ndipo ankapezeka mosavuta. Popeza ndalama zogulira makina oumbira zitsulo panalibe, mbali za thupilo zinali zafulati, zongopinda m'makona. Chasisi anaipanga powotcherera timizere ta chitsulo kukhala bokosi lalitali. Ngakhale penti wobiriwira wa magalimoto oyambawo anali wotsala wa ndege za nkhondo. Injini, ya malita 1.6, anaitenga ku galimoto ya Rover P3. Anaikanso shafuti yoti mlimi azilumikizako makina, kuti galimotoyo ikafika kumunda izipukusa macheka kapena mpope wa madzi.

Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 Epulo 1948, pa mtengo wa mapaundi 450. Wofuna denga la tenti ankalipira padera. Akuluakulu a kampani ankaiona ngati chogwirizira chabe, choti chiwadyetse zaka ziwiri kapena zitatu kufikira chitsulo chitachuluka. Koma pofika 1951 inali ikugulidwa kuposa magalimoto onse apamwamba a Rover.

Kuno kwathu sitifunika kuuzidwa zimene zinatsatira. M'masiku a Nyasaland ndiponso ufulu utabwera, Land Rover inali galimoto ya apolisi, ya bwanamkubwa wa boma, ya ansembe a kumishoni ndi ya chipatala, chifukwa inkadutsa m'matope momwe zina zonse zinkatitimira. Inkanyamula mayi wodwala kupita naye kuchipatala, ndipo inkanyamulanso munthu womangidwa usiku, motero achikulire ena saikumbukira ndi chimwemwe chokha.

Kwa anthu amene masiku ano amathera Loweruka m'galaja ya kunyumba akudzutsa Land Rover yakufa, mphatso yaikulu ya Wilks ndi mabawuti. Pafupifupi chilichonse chimamasuka: zitseko, denga, mapiko, ngakhale thupi lonse limanyamulidwa kusiya chasisi ili yokha. Mbali yafulati makaniko wamba amatha kuiwongola ndi hamala. Koma cholowacho chili ndi minga yake. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, chinyezi chikalowa, aluminiyamuyo amasanduka ufa woyera. Khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi woyendetsa limaola m'munsi, pomwe mapazi amaponda. Chasisi, pokhala bokosi, imasunga madzi ndi matope mkati, nkumadyeka kuchokera komwe diso silifika. Wogula wanzeru amayamba waigogoda ndi hamala asanayamikire penti. Za kudontha kwa oyilo ndiye eni ake anasiya kudandaula kalekale, amangoika katoni pansi.

Wilks mwiniwake mtima wake sunachoke pa injini za jeti. Mu 1950 Rover inaonetsa JET1, galimoto yoyendera injini ya mtundu umenewo, ndipo iye ankakhulupirira kuti tsogolo lili kumeneko. Inkamwa mafuta mopanda chisoni, ndipo sinafike pa msika. Lero ili ku Science Museum ku London. Chimene iye ankachiona ngati chida cha kumunda ndicho chinasunga dzina lake.

Anakhala wapampando wa Rover mu 1962, koma sanakhalitse pa mpandowo. Anamwalira ku munda wake ku Anglesey mu Sepitembala 1963, ali ndi zaka 59, ndipo anaikidwa pa chilumba chomwecho. Galimoto yake inapitirira kusintha pang'onopang'ono, Series II mu 1958, Series III mu 1971, kenako dzina la Defender mu 1990, mpaka yomaliza inatuluka mu fakitale ya Solihull pa 29 Januwale 2016, zitapangidwa zoposa 2 miliyoni. Yoyamba mwa zoyesera za mu 1948, ya nambala HUE 166, inagwirapo ntchito kwa mlimi wina kampani isanaiwombole, ndipo tsopano ikusungidwa ku British Motor Museum ku Gaydon.