SAMUEL AJAYI CROWTHER, MBONI YA KRISTU PAKATI PA ASILAMU

Pamene amishoni anamanga msasa wao woyamba pa Magwero m'caka ca 1899, panali patapita zaka zisanu ndi zitatu cimwalirire Bishopu Samuel Ajayi Crowther ku Lagos, m'dziko limene lero lichedwa Nigeria. Iye sanapondepo m'dziko la Angoni kapena la Acewa. Koma mbiri yace ikhudza mphunzitsi aliyense wa ku Madzimoyo ndi midzi yozungulira Chipata, pakuti nkhani imene inamsautsa iye ndiyo imene isautsanso mphunzitsi amene ali ndi ana a Asilamu m'kalasi mwace: ayankhe bwanji pamene amfunsa ngati Mulungu angathe kukhala ndi Mwana?

UBWANA NDI UKAPOLO

Ajayi anabadwa ca m'ma 1809 m'mudzi wa Osogun, m'dziko la Ayoruba. M'caka ca 1821 nkhondo inazinga mudziwo, ndipo ambiri a ankhondowo anali Asilamu. Mnyamatayo anamangidwa cingwe m'khosi, nasiyanitsidwa ndi amace, nagulitsidwa kangapo kufikira anagwa m'manja mwa Apwitikizi. M'caka ca 1822 ngalawa za nkhondo za Angerezi zinagwira combo cimene iye analimo, ndipo anamtsitsa ku Freetown m'dziko la Sierra Leone ali mfulu. Kumeneko anaphunzira kuwerenga msanga, nabatizidwa m'caka ca 1825, nalandira dzina la Samuel Crowther. M'caka ca 1827 anali woyamba kulembedwa m'buku la ophunzira a pa Fourah Bay, ndipo atatha maphunziro anakhala mphunzitsi.

CITHUMWA CA M'SUKULU

Nkhani iyi anaisimba yekha m'kabuku kace kamene kanasindikizidwa m'caka ca 1892, iye atamwalira. Tsiku lina mwana wa Msilamu anadza ku sukulu atabvala cithumwa. Mphunzitsi wacinyamatayo, ndi cangu cace, anacidula. Atate wa mwanayo anafika ali wokwiya kwambiri, ndipo Crowther anabvomera kukadzikanira pamaso pa akulu a Cisilamu. Anapita atanyamula Buku Lopatulika ndi Korani yotembenuzidwa m'Cingerezi, atakonzeratu mfundo zace zonse bwino lomwe. Koma mfundozo zinangogwa pansi. Akuluwo anaima pa mau amodzi, akuti Mulungu sabala, ndipo msonkhano unatha wopanda mmodzi wotembenuka mtima.

Kuyenera kudziwika cimene akuluwo anali kukana. Korani, m'sura 112, iphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi, wosabala ndi wosabadwa. M'sura 4 ndi sura 5 idzudzula iwo amene anena za atatu. Tsono Msilamu akamva dzina lakuti Mwana wa Mulungu, m'mtima mwace aona Mulungu wokwatira ndi kubala monga munthu, ndipo akamva za Utatu aganiza milungu itatu. Zimenezi Mkristu nayenso azikana, pakuti Deuteronomo 6:4 ndi Marko 12:29 acitira umboni kuti Mulungu ali mmodzi. Mpingo ubvomereza Mulungu mmodzi yemweyo, amene anadziulula yekha kuti ali Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ciyambire nthawi zosayamba. Crowther anazindikira kuti pa mtsutso uja mbali ziwirizo zinali kunena mau amodzi ndi matanthauzo awiri, ndi kuti munthu wonyozedwa samva mfundo ngakhale ikhale yolunjika. Cikhulupiriro cace sanacisinthe; anasintha njira yace yocifotokozera.

WOTEMBENUZA MALEMBO

M'caka ca 1841 anatsagana ndi ulendo wa Angerezi wokwera mtsinje wa Niger, ndipo m'caka ca 1843 anadzozedwa ubusa ku England. M'caka ca 1846 anafika ku Abeokuta, kumene anaonananso ndi amace patapita zaka makumi awiri ndi zisanu. Mai ameneyu anabatizidwa pambuyo pace. Nchito imene anaikapo mtima wace wonse inali kutembenuza Malembo m'Ciyoruba. Pa nchitoyi ankachera khutu ku malankhulidwe a okalamba, a ansembe a makolo ndi a Asilamu omwe, kuti mau a m'Buku akhale mau amene anthu awadziwa. Pa 29 June 1864 anapatulidwa ku Canterbury kukhala bishopu, woyamba wa anthu akuda mu mpingo wa Anglican.

M'maiko a m'mbali mwa Niger mafumu ambiri anali Asilamu, monga Masaba wa ku Bida. Munthu amene anagwidwa ukapolo ndi ankhondo a cipembedzo cimeneco akadakhala ndi cifukwa cakusunga mangawa. Koma iye analowa m'mabwalo ao ndi ulemu, nawapatsa mphatso ya Buku Lopatulika la m'Ciarabu, napempha malo a sukulu mwa mtendere.

PA BWALO LA MFUMU YA ILORIN

M'caka ca 1872, ali pa ulendo wa pamtunda wocokera ku Niger kunka ku Lagos, anafika ku Ilorin, mzinda waukulu wa Asilamu. Mfumu inamuitana pamaso pa nduna ndi aphunzitsi a Korani kuti amve ciphunzitso cace.

Pa funso lakuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, Crowther sanayambe ndi mau akuya a m'masukulu a ubusa. Anatsegula Luka 1, nawerenga za mngelo Gabrieli pamene anadza kwa Mariya. Apa panali nzeru. Asilamu amlemekeza Gabrieli, pokhulupirira kuti ndiye anatsitsa Korani. Ndipo Korani yomwe, m'sura 3 ndi sura 19, isimba kuti Yesu anabadwa mwa namwali wosadziwa mwamuna. Motero omverawo anayamba kumva nkhani imene anaibvomereza kale, ndipo dzina lija lobvuta analimva likucokera pakamwa pa mngelo, wosati pa mlendo. Ndiponso wowerenga Luka 1:35 mosamala aona kuti m'ndime imodziyo achulidwa Mzimu Woyera, Wamkulukulu ndi Mwana, popanda ganizo liri lonse la ukwati wa thupi.

Anawerenganso Yohane 14:6. Pofunsidwa ngati Yesu adzaweruza dziko, anatsegula Mateyu 25. Pofunsidwa za nthawi ya kubwera kwace, anaonetsa m'Macitidwe 1:7 kuti nthawiyo sinaululidwe kwa anthu. Pamenepo wina anafunsa cimene Buku lace linena za Muhammad. Funso limeneli linali msampha, pakuti yankho lacipongwe likadatseka khomo la mzinda, ndipo yankho losyasyalika likadakhala bodza. Crowther anangonena zoona: Muhammad anadza patapita zaka ngati 600 cibadwire Kristu, ndipo Cipangano Catsopano, cimene cinalembedwa kale iye asanabadwe, sicimchula. Potsiriza anawerenga pemphero lopempherera Mfumukazi ya ku England, nafotokoza kuti Akristu a m'dziko lina aikamo dzina la mfumu ya dziko lao. Mfumuyo inakondwera nalo, ndipo anasiyana mwa mtendere.

Pa bwalo limenelo sanabise kanthu ka Uthenga, ndiponso sananyoze munthu. Anakhulupirira kuti Malembo, akawerengedwa m'cinenero ca anthu, ali ndi mphamvu yakudzicitira okha umboni.

MASIKU OTSIRIZA

Ukalamba wace unali wowawa. Amishoni acinyamata ocokera ku England anayesa nchito yace yofooka, ndipo m'caka ca 1890 anaimitsa abusa ace ena osalabadira mau ace. Anadwala matenda ofa ziwalo, namwalira pa 31 December 1891. M'caka ca 2014 mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, Justin Welby, anabvomereza poyera kuti mpingo unamlakwira.

PHUNZIRO KWA MPHUNZITSI

Cisilamu cinafika m'maiko a ku Nyanja ndi amalonda a ku gombe ndi mafumu a Ayao, ndipo ku Chipata kuli mizikiti ndi mabanja ambiri a cipembedzo cimeneci. Ana ao akhala pa benchi limodzi ndi ana a Akristu. Mphunzitsi amene afuna kuwayankha ayenera kudziwa Buku lace kotero kuti apeze ndime msanga, ndi kudziwanso cimene mnzace akhulupirira, kuti asalimbane ndi cinthu cimene onse awiri acikana. Asanyazitse mwana pamaso pa anzace cifukwa ca cipembedzo ca makolo ace. Pakuti Crowther, podula cithumwa cija, anakwiyitsa kholo wosapindula kanthu, koma pa Ilorin, pamene anayankha mofatsa ndi Buku lotsegula, mfumu ndi nduna zace anamva Uthenga kufikira mapeto ace.