Frank Dixey: katswiri yemwe anayeza chuma cha pansi pa nthaka ali ku Zomba

Zomba, Mana: Achinyamata ambiri amaganiza kuti wokhoza masamu mathero ake ndi uphunzitsi kapena ntchito ya ku banki, koma mbiri ya malemu Frank Dixey ikusonyeza kuti masamu ndi amenenso amatsogolera dziko pofufuza madzi ndi miyala ya mtengo wapatali.

A Dixey anabadwa m'chaka cha 1892 ku Britain ndipo anaphunzira za miyala pa sukulu ya ukachenjede ku Cardiff. Atagwira ntchito ku Sierra Leone kuyambira 1918, anafika ku Nyasaland mu 1921 kudzatsogolera kafukufuku wa boma wa miyala ndi nthaka.

Ofesi yawo inali ku Zomba, lomwe linali likulu la dziko lino kufikira 1975, m'munsi mwa phiri lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000. Iwo anatumikira dziko lino kwa zaka 18.

Ntchito yotereyi siitheka popanda masamu. Wofufuza amayeza mtunda ndi kukwera kwa malo kuti ajambule mapu, amayeza kupendekeka kwa miyala kuti adziwe pomwe yalowera pansi, kenaka n'kuchulukitsa kukula kwa malowo, kuchindikala kwa miyala ndi kulemera kwake kuti apeze matani omwe angakumbidwe.

Chiwerengero chikalakwika, boma kapena kampani imataya ndalama pokumba pomwe palibe phindu.

Mu 1924, a Dixey anadziwitsa boma za miyala ya bauxite, yomwe amapangira aluminiyamu, pamwamba pa phiri la Mulanje. M'zaka zomwezo anafufuzanso malo omwe panapezeka mafupa a zinyama zamakedzana m'boma la Karonga.

Katswiri wa ku South Africa, Sidney Haughton, anatcha chimodzi mwa zinyamazo dzina lokumbukira a Dixey mu 1928. Mu 1993, gulu la akatswiri, momwe munali Louis Jacobs ndi Mmalawi Elizabeth Gomani, linachipatsa dzina latsopano la Malawisaurus dixeyi, ndipo chifaniziro cha mafupa ake chili m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga.

Nkhani ya madzi a m'midzi inali pamtima pawo. Mu 1931 anasindikiza buku la A Practical Handbook of Water Supply lofotokoza kapezedwe ka madzi ndi kakumbidwe ka zitsime.

Pamenepanso masamu ndiwo amalamula, popeza wokumba mjigo amayenera kudziwa kuya kwa madzi, malita omwe angatuluke pa ola, komanso ngati angakwanire anthu a m'mudzimo m'chilimwe.

Ntchito yomwe inawatchukitsa kwambiri inachokera pafupi ndi Zomba pomwepo. Mu 1937, mogwirizana ndi W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset, anatulutsa lipoti la miyala ya m'dera la nyanja ya Chilwa, lomwe linasonyeza kuti miyala ina yooneka ngati laimu wamba, monga ya pa chilumba cha Chilwa, inachokera pansi pa dziko ili yosungunuka.

Mtundu wa miyala umenewu ndi womwe mumapezeka miyala ya rare earth ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe m'boma la Phalombe, yomwe imafunika popanga maginito a galimoto zoyendera magetsi ndi zipangizo zina zamakono.

Atachoka m'dziko muno mu 1939, a Dixey anayang'anira ntchito za madzi ku Northern Rhodesia, yomwe tsopano ndi Zambia, kenaka anatsogolera kafukufuku wa miyala ku Nigeria. Kuyambira 1947 mpaka 1959 anali mkulu wa kafukufukuyu m'maiko onse omwe ankalamulidwa ndi Britain.

Anasankhidwa kukhala membala wa bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society mu 1958, anapatsidwa ulemu wa Sir mu 1972, ndipo anamwalira mu 1982 ali ndi zaka 90.

Iwo anagwira ntchito m'nthawi ya atsamunda, pomwe Amalawi ankangololedwa kunyamula zipangizo ndi kukumba, osati kutsogolera kafukufuku. Lero nthambi ya boma yofufuza za miyala, yomwe likulu lake likadali ku Zomba, ili m'manja mwa Amalawi eni ake.

Nthambi zoona za migodi, madzi, malo ndi misewu zimafuna oyeza malo, ojambula mapu, mainjiniya ndi akatswiri a miyala, ndipo khomo lolowera ntchito zonsezi ndi kukhoza bwino masamu ndi sayansi pa mayeso a MSCE.

Dziko lomwe lilibe ana ake odziwa kuwerengera chuma chake cha pansi pa nthaka limangodalira ziwerengero za wodzagula pokambirana mapangano a migodi. Ichi n'chifukwa chake aphunzitsi, makolo ndi akuluakulu a m'boma akuyenera kulimbikitsa anyamata ndi atsikana kuti asathawe masamu.