Joseph Poelaert, Mmisiri wa Nyumba ya Milandu

Monga phiri la Michesi lionekera kwa munthu woima pa Migowi, momwemo nyumba ya milandu ya mu Brussels, likulu la dziko la Belgium, ionekera kwa anthu a mumzindamo. Amene anailemba ndiye Joseph Poelaert, wobadwa m'caka ca 1817, mwana wa mmisiri womanga ndi miyala.

Ataphunzira mu Brussels ndi ku Paris, iye anamveka ndi nchito za machalichi. Mfumukazi Louise-Marie atamwalira mu 1850, anamsankha iye kulemba chalichi ca Amai Maria ku Laeken, mmene muli manda a mafumu a dzikolo. Analembanso chalichi ca Katarina Woyera.

Tsono m'caka ca 1861 boma linampatsa nchito imene inadya moyo wace wonse wotsala. Mwala woyamba anauika mu 1866 pa citunda cimene kale anapacikirapo anthu olakwa. Poelaert sanakhutire ndi zazing'ono. Anasinthasintha mapulani, nawonjeza nsanamira ndi makwerero, kotero kuti ndalama zinapitirira kutali muyeso umene anapangana. Nyumbayo inakuta malo oposa mabwalo atatu a mpira, niposa ngakhale chalichi ca Petro Woyera ca ku Roma pa kukula kwa pansi pace.

Koma malo onsewo sanali thengo. M'munsi mwa citundaco munali Marolles, dera la amphawi, ndipo nyumba zao zambiri zinagwetsedwa kuti nchito iyende. Nkhani yowawa ndithu, kuti nyumba yoweruziramo milandu ya anthu inayamba ndi kusamutsa iwo amene analibe mau pamaso pa boma. Anthuwo sanaiwale: dzina lenileni la nchito ya Poelaert analisandutsa mau otukwanira, ndipo cinenero cao cinasunga mwanowo mibadwomibadwo.

Mwini wace sanaone mathero a nchito yace. Atatopa ndi kudwala, anamwalira pa 3 November 1879, naikidwa ku manda a ku Laeken, pafupi ndi chalichi cace cija. Nyumba ya milandu inatsegulidwa pa 15 October 1883, m'masiku a Mfumu Leopold II. Mu September 1944 asilikali a Germany pothawa anatentha denga lace lobulungira, ndipo nkhondo itatha analimanganso lalitali kuposa mmene linalili poyamba.