Monica Woyera, Mai wa Augustinus

Monica anakulira ku Tagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Ali mtsikana, makolo ace ankamtuma kukatunga vinyo. Iye ankalawako mobisa, poyamba pang'ono, pambuyo pace zikho zodzaza. Tsiku lina mdzakazi, pokangana naye, anamnena kuti ndi cidakwa. Mauwo anamlasa mtima. Sanadzikanire ai, anazindikira cimo lace, nalisiya.

Mwamuna wace Patricius anali wakunja ndi waukali, koma anabatizidwa asanafe. Mtanda wolemera koposa unali mwana wace Augustinus, wobadwa m'caka ca 354. Mnyamatayo anatenga mkazi popanda ukwati, nakhala mu mpatuko wa Amanikeo zaka 9. Monica anayamba wamkaniza pakhomo, koma anamlandiranso, nampempherera ndi misozi usana ndi usiku.

M'caka ca 383, ku Carthage, Augustinus ananamiza mai wace, nakwera ngalawa usiku kunka ku Roma, maiyo ali m'mapemphero pafupi ndi gombe. Monica sanataye mtima. Pambuyo pace anaoloka nyanja, namlondola mpaka ku Milan. Kumeneko, pa Pasaka wa 387, Episkopi Ambrosius anabatiza Augustinus.

Caka comweco Monica anamwalira ku Ostia, ali ndi zaka 56, atauza ana ace kuti asavutike za manda ace, koma azimkumbukira pa guwa la Ambuye.