René Descartes, Mkatolika Amene Analumikiza Mizere ndi Manambala

René Descartes anabadwa pa 31 Marichi 1596 m'mudzi wa La Haye, m'dziko la France. Amake anamwalira iye ali wa chaka chimodzi, ndipo anakula wodwaladwala. Anaphunzira kwa ansembe a Chijezuiti pa sukulu ya La Flèche, kumene anayamba kukonda masamu, popeza mwa iwo anapeza choona chosagwedezeka. Atatsiriza maphunziro a malamulo ku Poitiers mu 1616, analowa usilikali, nayendayenda, kufikira anakhazikika ku Holland zaka ngati 20.

Mu 1637 anasindikiza buku lake la La Géométrie. Mmenemo anaonetsa kuti mzere wojambulidwa ukhoza kulembedwa ndi manambala ndi malemba, monga x ndi y. Pa maziko amenewa akatswiri a pambuyo pake anamanga njira yoyesera kupendekeka kwa mzere, ndiko kuti msinkhu umene mzere ukwera pa phazi lililonse limene upita patsogolo. Mzere wa y = 2x + 1 ukwera mapazi 2 pa phazi 1. Wa y = 2x + 5 ukwera chimodzimodzi; chifukwa chake iwiriyi iyenda pambali ndi pambali, yosakomana konse. Koma mzere wopingasa wina monga mitengo iwiri ya mtanda uli ndi kupendekeka kotembenuzidwa: wopingasa 2 ndiwo -1/2, ndipo kuchulukitsa ziwirizi kupatsa -1.

Nzeru zotere sizinamchotse mu Eklezia. Mu 1633, atamva kuti Galileo watsutsidwa ku Roma, anabweza buku lake lonena za chilengedwe, osalisindikiza, pokana kukangana ndi akulu a Mpingo. Bwenzi lake lapamtima linali wansembe, Bambo Marin Mersenne, ndipo m'buku lake la 1641 anayesetsa kutsimikiza ndi nzeru kuti Mulungu alipo.

Mu 1649 Mfumukazi Christina anamuitana ku Sweden kuti akamphunzitse. Maphunzirowo anali a mbandakucha, m'nyengo ya chisanu choopsa. Descartes anadwala, namwalira ku Stockholm pa 11 Febuluwale 1650. Mu 1663 mabuku ake ena analetsedwa ku Roma kufikira atakonzedwa, koma mndandanda wa mabuku oletsedwawo unathetsedwa mu 1966. Mafupa ake agona m'tchalitchi cha Saint-Germain-des-Prés ku Paris.