William Koyi, Mlaliki wa ku Njuyu

Pa masiku a Jubili timakonda kuchula maina a Azungu amene anayamba misyoni, ndipo nkoyenera ndithu, pakuti ambiri a iwo anasiya mafupa ao m'dziko muno. Koma pakati pa oyambawo panali munthu wina wakuda monga ife, amene dzina lace silimveka kawirikawiri m'midzi mwathu, ndiye William Koyi. Iyeyu sanadzozedwe ubusa, ndipo palibe buku limene analemba. Tifuna kuti abale a mumpingo, makamaka inu alaliki ndi aphunzitsi a m'midzi, mudziwe umo anakhalira ndi umo anafera.

Koyi anabadwa m'caka ca 1846 ku dziko la Axhosa, ku South Africa, masiku amene nkhondo ya Axhosa ndi Azungu inali kupasula midzi. Pa ubwana wace sanalowe m'sukulu konse. Anayamba ndi nchito yotsogolera ng'ombe za ngolo, pambuyo pace anatsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, napitirira ku Port Elizabeth kukagwira nchito m'nyumba ya malonda. Ali mkati mwa nchito zimenezi anadziphunzitsa yekha kuwerenga cinenero ca kwao. Tsiku lina anatola kapepala kotayika, ndipo poyesa kukawerenga anapeza kuti ndi tsamba la Uthenga wa Yohane, mutu 3, pamene Ambuye alankhula ndi Nikodemo za kubadwa mwatsopano. Mauwo sanamcoke mumtima, kotero kuti mu 1869 analowa mumpingo wa Wesley. Mu 1871, ali ndi zaka 25, anayenda pansi mamailosi 150 kumka ku sukulu ya Lovedale, nayamba maphunziro amene anzace anayamba ali ana. Sanapite nao patali maphunziro a m'buku, koma akuru a sukulu poona kukhulupirika kwace anamuika athandize kuyang'anira anyamata pa nchito za pabwalo.

Tsono mu October 1875 sitima ya Ilala inalowa m'Nyanja yathu, ndi misyoni ya Livingstonia inamanga pa Cape Maclear. Caka cotsatira Dr James Stewart, mkuru wa Lovedale, anafunsa ophunzira ace ngati alipo ofuna kumka kukathandiza nchito yatsopanoyo. Anadzipereka 14, ndipo anasankhidwa anai: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope, Mapassa Ntintili ndi William Koyi. Pa msonkhano uja Koyi anakumbutsa anthu fanizo la matalente, nanena kuti iye alibe asanu kapena awiri, ngakhale imodzi yathunthu, koma theka lokha. Ndi kuti angakhale sakhoza kuphunzitsa monga anzace, akhoza kutema nkhuni ndi kutunga madzi.

Anafika pa Cape Maclear cakumapeto kwa 1876. Malowo ngokongola m'maso, koma malungo ace anali oopsya. Wauchope anadwala, nabwezedwa kwao asanagwire nchito. Mu 1877 anamwalira Dr William Black, ndi m'caka comweco anamwaliranso Mngunana, amene anali kuphunzitsa ana m'sukulu, ndi amene onse anamuyembekeza kuti adzacita zazikuru. Ntintili, mmisiri wa matabwa, anathandiza pa Blantyre, nabwerera kwao mu 1880. Mwa anai aja wotsala anali uja wa theka la talente.

Ndipo kunaoneka kuti m'theka limenelo munali cinthu cimene Azungu onse a misyoni analibe. Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835 ndi mfumu yao Zwangendaba, anali kulankhulabe cinenero ca kumwera, cimene cifanana kwambiri ndi Cixhosa. Koyi anamvana nao monga munthu wa kwao, nadziwa ulemu woyenera pa bwalo la mfumu, ndi pamene mlendo ayenera kukhala cete. Cifukwa cace mu 1878 anatsagana ndi Dr Robert Laws pa ulendo wa kwa Cikuse, kumapiri a kumadzulo kwa Nyanja, napitirira kumpoto. Ndipo mu 1879, pamene Dr Laws anaonana ndi M'mbelwa, mfumu yaikuru ya Angoni a kumpoto, womasulira mau anali Koyi. Angoni anamucha Umteteleli, ndiko kunena wonenera ena pa mlandu. Ife tikadati nkhoswe.

Mu 1880 anamuka kwao kukapumula, nakwatira komweko. Akadakhala osabweranso, palibe akadamnena, pakuti anaona kale manda a anzace, ndi malungo anali m'thupi mwace. Koma anabwera, ndipo mu 1882 anakamanga kanyumba pa Njuyu, pafupi ndi mudzi wa Hoho wa ana a Cipatula, tsidya lina la mtsinje wa Kasitu. Apa mpamene tifuna kucedwapo pang'ono, cifukwa zaka zinai za pa Njuyu ndizo zitionetsa munthuyu.

M'mbelwa analola kuti alendo akhale m'dziko lace, koma sukulu anakana. Nduna zace zinazindikira bwino lomwe kuti ana akaphunzira Buku adzakana kugwira nthungo ndi cikopa, ndipo ufumu wa Angoni unakhazikika pa nkhondo ndi ng'ombe. Panalinso nsanje, pakuti ena anati a Cipatula adzitengera okha Azungu ndi cuma cao. Coposa zonse, Angoni anakwiya kuti misyoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, pakati pa Atonga amene anawapandukira. Anafuna kuti Azungu asiye Atonga, akwere kumapiri, ndi nkhondo itsike kunyanja mosaletseka. Tsono Koyi anakhala pakati pa moto uwiri. Akanenera Atonga, Angoni anamuyesa kazitape. Akafotokozera Azungu madandaulo a Angoni, kunali kosabvuta kumuyesa wopembedza mafumu. Anaona magulu a nkhondo alikuturuka, nawaonanso alikubwera ndi akapolo ndi ng'ombe, iye wopanda mphamvu yakuwaletsa koma pakamwa pace pokha. Anapita ku mabwalo, nakhala pansi tsiku lonse kumva milandu, nayankha mofatsa anthu omuopsya. Ndi pa Sabata analalikira kwa iwo amene anafuna kudza.

Ife aphunzitsi a m'midzi tidziwa umo mtima umawawira pamene mlendo wa ku misyoni afunsa ciwerengo ca ana ndi ca a m'kalasi, ndipo ciwerengoco ncocepa. Koyi analibe ciwerengo ciri conse. Caka cinatha, cina cinatha, cacitatu comwe, wopanda sukulu, wopanda mmodzi wobatizidwa. Tiganiza kuti ici cinali colemera koposa kuopsya kwa nthungo, pakuti nthungo iopsya tsiku limodzi, koma kusaona cipatso kumadya mtima tsiku ndi tsiku. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma wodikira nkhono adziwa kuti maso alimo, pamene Koyi analibe comtsimikizira kuti mfumu idzatembenuka mtima iye akali moyo.

Komabe panali kanthu kakang'ono kocitika mumdima. Anyamata ena, mwa iwo Mawelera Tembo ndi mbale wace Makara, ana a sing'anga, anayamba kudza usiku ku nyumba ya misyoni, anthu atagona, kudzaphunzira kuwerenga ndi kumva za Mulungu. Munthu amene anagwidwa mtima ndi nkhani ya Nikodemo analandira tsono a Nikodemo ace.

Sanali yekha masiku onse. James Sutherland, Mskoti wa nchito za munda, anakhala naye m'zoopsya zomwezo. Anadzanso George Williams wa ku Lovedale, ndi mkazi wa Koyi anamtsata, ndipo mu 1885 anafika Dr Walter Elmslie. M'caka comweco Sutherland anamwalira. Pamenepo Koyi yemwe mphamvu zinali kumthera.

Dzinja la 1885 mvula inakana. Angoni anapereka nsembe kwa mizimu ya makolo, koma kumwamba kunangoti mbee. Mu January 1886 akuru a dziko anadza ku Njuyu kupempha kuti a misyoni apemphere kwa Mulungu wao. Pempholi linali ndi msampha wace, pakuti a misyoni sanafune kuyesedwa obvumbitsa mvula, ndipo kukana kukadaoneka ngati iwo ndiwo anaimanga. Anafotokoza kuti mvula iri m'manja mwa Mulungu yekha, napemphera pamodzi ndi khamu limene linasonkhana pa Sabata. Ndipo mvula inagwa. Kuyambira pamenepo mitima ya nduna inayamba kufewa, ndipo patapita miyezi yowerengeka bwalo la M'mbelwa linabvomera kuti ana aphunzire.

Mau amenewa anampeza Koyi ali gone pamphasa, malungo atamfoketsa, ndi nthenda yina italowa m'cifuwa. Dr Elmslie atamuuza, wodwalayo anayamika Mulungu ndi pemphero la Simeoni, nkhalamba ija ya m'Kacisi imene inapempha kumuka mumtendere itaona cimene inacilindira. Anamwalira pa 4 June 1886, ali ndi zaka 40, naikidwa pa Njuyu. Sukulu imene anaipempha zaka zinai inatsegulidwa iye ali m'manda, ndipo sanaphunzitsemo ngakhale tsiku limodzi.

Mu 1890 Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa, ndiwo oyamba mwa Angoni a kumpoto. Mawelera anakhala mlaliki ndi mkuru wa mpingo pa Njuyu pomwepo zaka zambiri, napeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a Cingoni. Mu 1889 misyoni inamanga pa Ekwendeni, kwa Mtwalo, ndipo mu 1898, pa msonkhano wa Mgonero umene Donald Fraser anaitanitsa kumeneko, anthu anasonkhana zikwi, ena a iwo amuna omwe aja amene Koyi anawaona alikuturuka ndi zikopa.