Abu'l-Qasim wa ku Kashan: mwana wa oumba mbale

Abu'l-Qasim anabadwira mumzinda wa Kashan, m'dziko la Persia lomwe lero ndi Iran, m'zaka za m'ma 1200. Banja lake, la Abu Tahir, linatchuka ndi luso loumba mbale ndi matailosi onyezimira. Agogo ake a Muhammad ndiwo anakongoletsa manda olemekezeka a Asilamu ku Qom ndi ku Mashhad. Bambo ake a Ali ndi m'bale wake Yusuf analinso amisiri a ntchito yomweyo.

Iye sanatsate ntchito ya makolo ake. Anapita kukatumikira mafumu achimongolo amene ankalamulira Persia, nakhala wolemba mbiri. Analemba mbiri ya mfumu Öljeitü, ndipo m'buku limenelo anadandaula kuti nduna yaikulu, Rashid al-Din, inalandira ulemu ndi mphoto pa ntchito imene iye anakhetsera thukuta.

Komabe sanaiwale kwawo. M'chaka cha 1301 analemba buku la miyala yamtengo wapatali ndi zonunkhiritsa, ndipo kumapeto kwake anafotokoza za luso limene amisiri ankangophunzitsa ana awo okha. Mbale za ku Kashan sizinali za dongo wamba ayi. Amisiri ankasakaniza magawo 10 a mwala woyera wosinja, gawo limodzi la galasi losinja ndi gawo limodzi la dongo loyera. Mpako wonyezimira ankaupanga posungunula miyala pamodzi ndi phulusa la zomera zina zamchere. Mbale ikapsa, ankaijambula ndi mankhwala a siliva ndi mkuwa, n'kuiwotchanso masiku atatu m'ng'anjo ya utsi ndi moto wochepa. Akaipukuta ndi dothi lonyowa inkawala ngati golide, chonsecho mulibe golide ngakhale pang'ono.

Luso losalembedwa limafa ndi eni ake. Abu'l-Qasim analemba kuti m'masiku ake njira ina yokongoletsera mbale ndi mitundu 7 inali itaiwalika kale. Patangopita zaka makumi angapo, nayo ntchito ya mbale zonyezimira inazilala ku Kashan.

Mawu a akulu akoma akagonera. Akatswiri a ku Germany anasindikiza masamba ake aja mu 1935, ndipo mu 1973 anamasuliridwa m'Chingerezi. Masamba ochepawo ndiwo amathandiza akatswiri kumvetsa mbale zimene zili m'nyumba zosungiramo zakale. Mwana amene anachoka pang'anjo ndiye anasunga nzeru za banja lonse.